Amisiri Asanu a Tsitsi Lalitali

Kachikuto ka kaseti kaja ndikadali nako. Kali m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi mabatani ndi makiyi a zitseko zomwe zinagwa kalekale. Ndi kapepala konyezimira, ngodya imodzi inadyedwa ndi mphemvu, ndipo pali azungu asanu ataimirira ndi nkhope za anthu amene angouzidwa kuti ndiwo zatha. Tsitsi mpaka m'mapewa, majekete achikopa, maunyolo m'chiuno. Kumbuyo kwenikweni, pakati pa mapewa a anzake, kukuoneka kamutu ka wachisanu, ngati munthu amene walowa pachithunzi osaitanidwa.

Masiku ano makondakitala amanditcha madala, imvi zandizinga, ndipo khutu langa lakumanzere linapita kutchuthi osabwerako. Sukulu ndinaisiya isanandisiye, choncho ofuna galamala apite kwa ena. Ine ndikufuna ndinene za azungu asanuwa, amene sanandionepo ndipo sadzandidziwa, koma anandipatsa miyezi ingapo yokhala ndi bambo anga.

Zinali m'zaka za m'ma 90, matipate atangofika, nthawi imene aliyense ku Ndirande anali katswiri wa ndale, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa. Inali nyengo ya chiperoni, phiri litabisala mu nkhungu, zovala zosauma pachingwe. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, khoma lapakati losafika kudenga. Makolo anga anachokera ku Nsanje kudzafuna ntchito, ndipo bambo anaipeza pafakitale ina. Chaka chimenecho anali atagona ndi matenda aja amene sitinkawatchula dzina. Anthu ankangoti akudwaladwala, n'kuyang'ana pansi.

Masana ndikaweruka kusukulu ndiyo inali nthawi imene amayi ankawasambitsa ndi kuwatsuka zilonda, kukafundako pang'ono. Bambo sanali munthu wodandaula, koma zilondazo zikakhudzidwa ankabuula ndi mawu amene sanali awo. Amayi ankandithamangitsa. Ine, pokhala mwana wosamva, ndinkazungulira kuseri, n'kukwera pa ndowa, n'kusuzumira pawindo. Zotsatira zake ndinasiya kudya, ndipo ndinayambanso kunyowetsa mphasa, chimwana chachikulu cha sitandade folo.

Tsiku lina amayi anati basi, uyu apite ku Nsanje kwa agogo ake. Anatenga chikwama cha pulasitiki cha mizeremizere n'kulongedzamo zovala zanga. Ndinali wamng'ono, koma ndinkadziwa chinthu chimodzi bwinobwino: ndikakwera basi imeneyo, bambo sindidzawapezanso.

Amene anandipulumutsa ndi malume, mlongo wawo wa amayi, munthu wokhoma zidebe. Anati, "Achemwali, ndipatseni ine. Mukadzamuonanso pawindopo, ndikamukweza basi ndekha." Amayi anavomera, koma chikwamacho sanamasule. Anachiika pamwamba pa kabati, pamene ndinkachiona m'mawa uliwonse podzuka.

Malume ankagwira ntchito ndi amisiri anzawo m'chisakasa cha malata kumunsi kwa njira yathu, nyumba zingapo kuchokera kwathu. Ankakhoma ndowa, mbaula, mapoto ndi makheni othirira dimba, pomenyera pake pali chidutswa cha njanji. Munkanunkha makala ndi mtovu wosungunuka, ndipo pansi panali tizidutswa ta malata toluma ku mapazi. Masiku oyamba ndinkangokhala pa chitini, thupi lili pamenepo, makutu ali kunyumba. Malume ankandiyang'ana m'mbali, akudziwa kuti mbuzi imeneyi chingwe chake n'chowola.

Kenako kunabwera katoni. Malume ankagula zitini ndi malata akale kwa anyamata ogwira ntchito m'nyumba za azungu ku Sunnyside, ndipo pansi pa katoni ina panapezeka makaseti awiri. Wailesi yawo inali yomangidwa ndi mphira wa chubu, yolumikizidwa ku batire la galimoto. Tonse tinkayembekezera nyimbo zachizungu zofatsa zija za munthu amene mkazi wamuthawa. Malume anadina.

Nkhuku yomwe inkatola nyenyeswa pakhomo inauluka mpaka padenga. Mayi wina wodutsa ndi dengu la tomato anachita chizindikiro cha mtanda n'kuwonjezera liwiro. Mmisiri wina anakuwa kuti wailesi yapsa, zimitsani. Koma malume anatukula dzanja kuti tidikire. Anapendeketsa mutu, anatola hamala, n'kuyamba kumenya ndowa motsatira ng'oma ya m'nyimbomo, osaphonya. Atatha anati, "Ameneyu ntchito amaidziwa."

Mumzere wathu munkakhala aphunzitsi ena a ku Rumphi, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Tsikulo anabwera kudzatenga mbaula yawo, ndipo malume anawapatsa zikuto ziwirizo kuti awerenge timalemba ting'onoting'ono. Aphunzitsi anati gulu ndi limodzi, koma pakati pa kaseti yoyamba ndi yachiwiri papita zaka zambiri, ndipo woimba anasintha. Anatinso nyimbo zoterezi azungu amazitcha hevi meto. Atafunsidwa tanthauzo, anakonza tayi n'kuti, chitsulo cholemera.

Malume anaika hamala pansi mwaulemu. "Ndinanena ine. Amisiri anzathu awa."

Aphunzitsi anayesa kufotokoza kuti ndi dzina chabe la mtundu wa nyimbo, monga timanenera kuti beni kapena manganje. Malume anawadula mokoma: "Aphunzitsi, za choko sitikutsutsani. Za chitsulo tisiyireni." Umboni unali pachithunzi pomwepo. Majekete achikopa ndi otchinga moto powotcherera zitsulo. Maunyolo ndi katundu wogulitsa. Nkhope zokwiyazo ndi za anthu amene kasitomala wawabwezera ndowa kuti ikudontha. Tsitsi lalitali, lomwe boma lakale linkaletsa amuna, linkasonyeza kuti kwawoko ufulu unafika kale. Ngakhale zala zinatigwirizana. Masiku amenewo chala chimodzi m'mwamba chinali cha chipani chimodzi, ziwiri zinali za matipate, ndipo wina pachithunzipo anali atatukula ziwiri, cholozera ndi chaching'ono. Nditafunsa chifukwa chake anatukula zolakwika, malume anandionetsa dzanja lawo lophwanyikaphwanyika. Anati zapakatizo hamala inazimaliza, siziwongokanso.

Lero ndikudziwa kuti anthu amenewa mwina sanakhomepo ngakhale kapu. Musavutike kundiuza, ndinamva kale. Koma ndikanakonda mukanaona mmene amisiri a ku Ndirande anawongokera misana tsiku limenelo, atamva kuti kutsidya kwa nyanja kuli anzawo amene ntchito yawo anaiika pa kaseti.

Mayina awo enieni anatikanika lilime, choncho tinawapatsa athu. Woimba wa kaseti yakale, wa mawu okwera ngati nkhumba yaona mpeni, anakhala Sayilini. Wa kaseti yatsopano, wa mawu ochokera m'mimba, anakhala Jeneleta. Wagitala wamkulu anali Galayindala, makina aja operera zitsulo. Agitala ena awiriwo sitinawapatse mayina chifukwa sitinkadziwa chimene ankachita, tinkangoti ndi alamu a winawake amene anawapezera ntchito. Ndipo kamutu kakumbuyo kaja, kamene kanali pa zikuto zonse ziwiri, pachiwiricho katayamba dazi, kanali ka woimba ng'oma. Ameneyo anali Hamala.

Popeza inali nyengo ya matipate, sabata isanathe chisakasa chinagawikana. Achipani cha Sayilini ankati gulu ndi lake, ndiye analiyambitsa, winayu anangodzapeza nyumba yomangamanga n'kukhala pampando wa mwini wake. Achipani cha Jeneleta ankati Sayilini anathawa anzake pakati pa ntchito, ndipo mawu akewo si kuimba, ndi munthu amene wapondedwa ndi ng'ombe. Jeneleta, iwo ankatero, amaimba ngati mwamuna amene wadya. Chimene chinachotsa Sayilini m'gulumo chinali ndi akatswiri akenso. Ena ankati anakwatira mkazi wovuta, ena ankati anatembenuka mtima, ena ankati pakhosi panang'ambika ndipo pano akugulitsa makala. Galayindala ankanyozedwa ndi mbali zonse chifukwa cha matama. Akayamba kulira yekha sankadziwa posiyira, ngati mkulu wa mpingo amene wapatsidwa mwayi wopereka mawu awiri pamaliro. Hamala yekha ndiye panalibe womukangana. Tinkangomuiwala, ngati mmene munthu amaiwalira denga losadontha.

Aphunzitsi, amene anayamba ndi kutitsutsa, anathera m'chipani cha Jeneleta, akuti chifukwa Chingerezi chake chinkamveka. Ankabwera masana aliwonse n'kukhala pa ndowa yovundikira, mabuku ochonga ali pamwendo. Ndikawapempha kuti andimasulire, ankamvetsera nkhope ili gwa, n'kunena kuti apa akuti ana azisamba m'manja asanadye, apa akuti uzimvera amayi ako. Zaka zambiri pambuyo pake mwana wanga anandimasulira nyimbo zomwezo kuchokera pa foni: nkhondo, manda, moto, chingwe cha wopachikidwa. Aphunzitsi, kumene muliko, bodza lanu linali laukhondo.

Tsono vuto linali malume. Ine ndinalowa chipani cha Sayilini chifukwa iwo anali momwemo. Mawa lake ndinawapeza akutamanda Jeneleta ndi kunyoza Sayilini ngati anawabera nkhuku. Ndinalimbana nawo masiku angapo, kenako mfundo zawo zinandigonjetsa, ndinawatsatira. Nditangofika, iwo anabwerera kwa Sayilini. Ndikati, malume, dzulo munanena zina, ankayankha hamala ili m'mwamba kuti, "Dzulo linali dzulo, mphwanga. Ino ndi demokalase." Anzawo ankawatcha phungu wofunafuna unduna. Ine ndinkapsa mtima mpaka misozi. Ndinkabwereza nyimbo, kuzunguliza kaseti ndi cholembera kuti batire lisathe, kufunafuna pamene Sayilini wakwera kwambiri kuti ndiwagwire pakamwa. Ndinkadzidzimuka dzuwa litapendeka, amayi akuitana kumtunda. Windo ndinali nditaliiwala.

Madzulo amayi ankandilola kulowa. Ndinkawapeza bambo atasamba, atafunditsidwa bulangete mpaka m'khosi, m'chipinda mukununkha sopo ndi mafuta odzola. Funso lawo loyamba linali lomwelo: "Lero alamu ali chipani chiti?" Ndinkawafotokozera zonse, kuwayeserera mawu a Sayilini ndi a Jeneleta, ndi mmene aphunzitsi anagwera pa ndowa pofuna kutsindika mfundo. Ankaseka mpaka chifuwa chiwagwire, amayi n'kundiloza ndi diso kuti zakwana. Pa zonse zimene ndili nazo za bambo anga, madzulo amenewo ndiwo ochuluka.

Ndiye kunabwera tsiku limene wailesi inameza kaseti ya Sayilini. Mawu anayamba kukoka ngati woledzera, kenako zii. Malume atatsegula, tepi inatuluka ngati matumbo a nkhuku, yoduka pakati, ina itakulungika mkati moti ngakhale Jeneleta sakanalowa. Tsikulo amisiri ena onse anali atapita kumsonkhano wa chipani kumene kunamveka kuti akugawa nsalu, ndipo aphunzitsi anali asanafike. Malume anati ndikhale pomwepo, akabwereke sikuludalaiva yaing'ono kwa wokonza mawotchi. Chisakasa chinakhala chete kwa nthawi yoyamba m'miyezi. Ndinamva madontho a chiperoni akugwa kuchokera m'malata. Miyendo yanga inadzuka yokha.

Ndowa inali pamalo ake kuseri. Ndinakwera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'nyumbamo simunkamveka kanthu. Amayi anali atawerama ndi kansalu ndi beseni, akutsuka chilonda cha pamsana. Bambo anali ataluma ngodya ya bulangete, mitsempha ya m'khosi itatuluka ngati zingwe, thukuta likuyenderera m'nyengo yozizira imeneyo, koma osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Maso awo anali pawindo, ngati ankandiyembekezera. Amayi anatsatira masowo, n'kundiona.

Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anamaliza ntchito yawo, anasamba m'manja, anakwera pampando n'kutsitsa chikwama cha mizeremizere. Malume anafika akuthamanga, matumbo a kaseti akulendewera m'manja. Anaona chikwamacho pakhomo n'kuima. Lonjezo lokandikweza basi linali lawo.

Mawu a bambo anachokera kuseri kwa khoma losafika kudenga lija, otsika koma omveka. "Mwanayo asapite chisankho cha Sayilini ndi Jeneleta chisanachitike. Inenso ndili ndi voti."

Amayi anachotsa dzanja pa chikwama. Kenako analowa m'chipinda, anatsegula kabokosi kawo, natuluka ndi kabotolo ka kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo, kamene sanakagwirepo chiyambire matenda a bambo. Anakapereka kwa mlongo wawo osawayang'ana. "Lumikizani chinthu chanucho, achimwene. Chizilira."

Malume anadula mbali zophwanyika, anadontheza kyutekisi, anaphatikiza. Kuyambira tsikulo Sayilini ankadumpha mawu angapo pakati pa nyimbo yachiwiri, ndipo achipani cha Jeneleta ankati ndi pokhapo pamene amamveka bwino.

Chisankho chinachitika Lamlungu masana, titabwera ku Misa. Batire linakwera mtunda pa wilibala. Amisiri anaima pakhomo zipewa zili m'manja, atasamba mpaka sindinawazindikire ena. Aphunzitsi anadziika okha kukhala woyendetsa chisankho. Bambo anawakhazika tsonga, ndipo popeza mapilo anali ochepa, anawatsamiritsa pa chikwama chija, zovala zanga zili momwemo. Tinaimba nyimbo imodzi ya Sayilini ndi imodzi ya Jeneleta, motsitsa, ndipo ndinazindikira kuti sindinazimvepo motsitsa. Ine ndinalankhulira Sayilini. Malume, monga mwa khalidwe lawo, anali atasamukira kwa Jeneleta m'mawa womwewo.

Bambo anapempha zikuto. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chowonda chinadutsa pa Sayilini, mtima wanga n'kugwa. Chinadutsanso pa Jeneleta. Chinakaima pa kamutu kakumbuyo.

Ndinakuwa kuti bambo, ameneyo sakupikisana nawo!

Anati, "Oimba anuwo kuno samveka, mwanawe. Kumafika ng'oma yokha, du du du, kudzera m'khomamu. Ndikaimva ndimadziwa kuti mmisiri ali pantchito, iwe suli pawindo, ndiye ndimamasuka." Anapuma pang'ono, n'kutembenuzira mutu kwa malume. "Enawa amabwera n'kupita. Uyu amakhala kumbuyo, koma sachoka. Si choncho, alamu?"

Malume anati akaone wilibala, kuti ana angaibe. Anakhalitsa kunjako, ndipo pobwera maso anali ofiira. Anati ndi utsi, ngakhale kuti panalibe amene anasonkha moto.

Za ku Nsanje sizinatchulidwenso. Chikwamacho chinakhalabe kumsana kwa bambo. Ndikafuna kabudula amayi ankamusolola n'kuikamo sanza m'malo mwake, mpaka zovala zanga zonse zinabwerera pa msomali. Masana ndinkatsikira kuchisakasa, ng'oma inkalira, mkangano unkapitirira. Bambo anatisiya kutayamba kutentha, mitengo ya m'tauni itachita maluwa ofiirira. Unali m'mawa, ndipo ine ndinalipo, nditagwira kapu ya madzi. Sindinamve ndi uthenga wa pa basi. Zimenezo ndimathokoza mpaka lero, ndipo ndikamawerenga oti ndiwathokoze, azungu asanu aja amakhala pamzere, kumbuyo kwa amayi, malume ndi aphunzitsi.

Maliro atatha malume anandipatsa makaseti onse awiri. Iwo sanawaimbenso. M'chisakasa munabwerera nyimbo zawo za kwaya, zofatsa, ndipo wina akakweza wailesi ankadandaula mutu. Sitinakambiranepo za nkhaniyi mpaka nawonso anapita. Ntchito yawo ndi imene ndikudyera, njanji yomweija. Mwana wanga akuti gululo likadalipo, nkhalamba zokhazokha, Sayilini anabwerera, ndipo pa intaneti anthu a m'maiko onse akutukwanabe za iye ndi Jeneleta ngati amisiri a ku Ndirande. Ndinamufunsa za wakumbuyo uja. Akuti alipo, mutu wonse mbee.

Koma Lamlungu lija ndinatuluka m'nyumba nditatupa ngati chule. Ndinawauza aphunzitsi kuti alengeze kuti voti yawonongeka, tivotenso. Iwo anangondisisita mutu n'kuti chisankho chayenda bwino kwambiri. Malume sindinawalankhule mpaka Lachiwiri, chifukwa cha kusakhazikika kwawo pa ndale. Ndipo sabata yonseyo ndinkauza aliyense wofuna kumva, kusukulu ndi kumpopi komwe, kuti bambo anga, munthu wanzeru chotero, anataya voti yawo pa munthu amene ntchito yake inali kungochita phokoso kumbuyo.